Kupala

Kwa kalipentala, kupala ndi kudya nkhope ya thabwa pang'onopang'ono mpaka isalale. Amayi nawo amapala nsomba pochotsa mamba. Ponseponse chochoka ndi chapamwamba chokha; mpeni ukalowa mkati, kumeneko ndi kusema kapena kugoba. Kupala moto ndi nkhani ina, ya kudzitengera chinthu.

Malire a mawuwa amaoneka bwino pa maboti akale a injini okhomedwa ndi matabwa a mahogany, monga a Chris-Craft a ku America kapena Riva Aquarama ya ku Italy, yomwe inatuluka mu 1962. Mmisiri wokonzera boti lotere nyanja ya mchere amayamba wapala vanishi wakale. Amamufewetsa ndi mpweya wotentha, n'kumakoka chitsulo motsata mizere ya thabwa, vanishiyo n'kumachoka mopiringizika. Dzanja likalemera, thabwa limapyapyala, timatabwa totseka mabowo a masikuluwu n'kutha, mitu ya masikuluwu n'kuyamba kusuzumira. Apo wapyola pa kupala, wawononga.

Masikuluwu ooneka ofiirira ndi ofumbutuka amakhala a brasi amene mchere wawadya zinki, ndipo m'malo mwake amaikamo a bronzi. Kenako amapaka vanishi kambirimbiri, akukwecha ndi sandipepa wosalala pakati pa kupaka kulikonse. Kukwechako sindingakutche kupala, n'kopepuka kwambiri. Kunsi kwa boti kokhala m'madzi amapakako penti wa kopa, woletsa tinkhono kumatirira ndi nyongolotsi za m'nyanja kuboola matabwa.