Njanji Imene Inatilambalala

Kwathu kuno kwa Mfumu Luembe, m'mbali mwa Luangwa, sikunadutsepo njanji. Komabe makolo athu anaidziwa sitima, pakuti msonkho utafika, amuna ambiri a Cinsenga anali kuyenda pansi masiku ambiri, naoloka Zambezi pa Feira, kukafuna nchito ku migodi ndi m'minda ya Azungu ku Southern Rhodesia. Pobwera kwao anali kusimba za cinthu cacitsulo cakudya malasha ndi kumwa madzi. Cifukwa cace ndayesa kuti nkwabwino kulemba za njanji ya ku Livingstone, kumene alendo afikako kudzaona sitima zakalezo.

Njanji yocokera ku Bulawayo inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1904. Cecil Rhodes anafuna kuti ulalo umangidwe pafupi ndithu, kuti nthunzi ya mathithi izigwera pa ngolo za sitima, koma iye anafa mu 1902 osauona. Zitsulo zace zinasulidwa ku England ndi kampani ya Cleveland Bridge, ndipo ulalowo unatsegulidwa pa 12 September, 1905. Utali wace ndi mafiti 650, ndipo kucokera pamwamba kufika pamadzi ndi mafiti ngati 420. Mu 1906 njanji inafika ku Broken Hill, kumene tsopano ticha Kabwe. Inalondola mtovu ndi mkuwa, ndipo ife a kum'mawa amene tinalibe miyala yotere inatisiya kutali.

Panali njanji yinanso yaing'ono, ya kampani ya Zambezi Sawmills, yocokera ku Livingstone kunka ku Mulobezi, ulendo wa mailosi ngati 100. Nchito yace inali kututa mitengo yolimba yochedwa mukusi, imene anali kuceka mapulanga oyalapo njanji. Nyumba zimene anali kukonzeramo mainjini ace ndizo zinasanduka nyumba yosungiramo zakale za njanji.

M'caka ca 2007 anayamba kuyendetsa sitima ya alendo yochedwa Royal Livingstone Express, yokokedwa ndi injini yamalasha, imodzi mwa zomwe zija zinakoka mitengo. Alendo anali kukwera madzulo, ena atayamba ayenda pa boti pa Zambezi ndi kuzungulira mzinda, umene unali likulu la dziko kuyambira 1911 kufikira 1935. Anali kudya cakudya m'ngolo zokongola, naona kulowa kwa dzuwa, nabwerera pomwe anakwerera. Mkulu wa kwathu akadamva kuti munthu alipira ndalama zambiri kukwera sitima yosamfikitsa kwina kuli konse, akadagwira pakamwa.

Ine sinditsutsa zimenezi, pakuti zikadapanda kutero mainjiniwo akadadyedwa ndi dzimbiri. Koma ndiona kuti dzina la Rhodes lichulidwa kawirikawiri, pamene anthu akuda amene ananyamula zitsulo, nadula mukusi, nathira malasha m'ng'anjo, maina ao sadziwika. Ndiponso tisaiwale kuti ulalo womwewo unaona mabvuto: Ian Smith anatseka malire mu January 1973, ndipo katundu wa Zambia sanayambenso kuyenda pa njira ya kumwera kufikira October 1978.

Kunena za ife a kum'mawa, njanji yocokera ku Mchinji m'Malawi inayamba kumangidwa mu 1982, nifika ku Chipata mu 2010, patapita zaka 28. Za kuipitiriza kudzera ku Petauke kufika ku Serenje zinakambidwa kwambiri, koma munthu wa kwa Luembe wofuna kunka ku Lusaka akwerabe basi pa Nyimba.