Mbiri ya Magitala Akale Amagetsi ndi Luso Lowakonzanso

Katundu wambiri akakalamba amatsika mtengo, koma magitala ena amagetsi opangidwa ku America zaka za m'ma 1950 adakwera mtengo kwambiri m'kupita kwa zaka. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuona kumene zidazi zidachokera.

Gitala wakale ankamveka motsika kwambiri pakati pa malipenga ndi ng'oma. Pofuna kuthetsa vutoli, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker adayamba kugulitsa gitala wamagetsi m'chaka cha 1932. Chinsinsi chake chidali maginito ndi waya wamkuwa wokulungidwa, oikidwa pafupi ndi nsambo. Nsambo zachitsulo zikamanjenjemera, maginitowo amatulutsa mphamvu yochepa yamagetsi imene chinkuzamawu chimaisandutsa mawu aakulu.

M'chaka cha 1950, Leo Fender wa ku Fullerton, m'chigawo cha California, adatulutsa gitala wa thabwa lopanda mphako amene pambuyo pake adatchedwa Telecaster. Mu 1954 adatulutsanso Stratocaster. Nayo kampani ya Gibson ya ku Kalamazoo idayankha ndi gitala wotchedwa Les Paul mu 1952. Chodabwitsa n'chakuti mtundu wa Les Paul Standard, umene udapangidwa kuyambira 1958 mpaka 1960, sudayende malonda. Adangopangako pafupifupi 1,700, kenaka n'kuusiya. Koma Eric Clapton atajambula nyimbo ndi gulu la John Mayall mu 1966 pogwiritsa ntchito gitala wamtunduwu, oimba ambiri adayamba kumusakasaka. Popeza magitalawo adali ochepa ndipo owafuna adali ochuluka, mtengo udakwera. Chimodzimodzinso, kampani ya CBS itagula Fender mu 1965, anthu ambiri adayamba kukhulupirira kuti magitala opangidwa chakacho chisadafike ndiwo adali abwino koposa.

Umu ndi m'mene mudabadwira gulu la anthu osonkhanitsa magitala akale, pamodzi ndi amisiri owakonzanso. Ntchito ya amisiriwa si yapafupi. Vanishi wakale amang'aluka ndi kusanduka wachikasu, khosi la gitala limapindika, timawaya timadyeka ndi dzimbiri. Nayonso mitengo ina idasowa. Mwachitsanzo, kuyambira 1992 malamulo a mgwirizano wa maiko wa CITES adaletsa malonda a mtengo wa rosewood wa ku Brazil pakati pa maiko, mtengo umene unkaikidwa pakhosi pa magitala ambiri akale.

Komabe funso lalikulu si la zipangizo ayi, koma la malire. Kodi mmisiri akonze mpaka pati? Munthu wosadziwa angaganize kuti kupala utoto wakale ndi kupaka watsopano n'kukongoletsa gitala. Kwa osonkhanitsa, kutero n'kuwononga, ndipo mtengo wa gitalayo umatsika kwambiri. Iwo amati zipsera ndi mikwingwirima ndiye umboni wa manja amene adamugwira. Oimba ena amatsutsa ganizoli. Iwo amati gitala adapangidwira kulira, choncho kumutsekera m'bokosi lagalasi poopa kusintha kachitsulo kamodzi kuli ngati kuweta ng'ombe yosakamidwa.

Nkhani ya Peter Frampton, woimba wa ku Britain, ikutionetsa njira yapakati. Gitala wake wakuda wa Les Paul Custom, amene adaimbira pa chimbale chotchuka cha 1976, adali m'ndege yonyamula katundu imene idagwa ku Venezuela mu 1980. Aliyense adayesa kuti gitalayo adapsa. Koma adapezeka pa chilumba cha Curaçao, ndipo adabwezedwa kwa mwini wake mu 2011, patapita zaka 31. Amisiri a Gibson ku Nashville adakonza zimene zidali zofunika kuti alirenso, koma zipsera za moto adazisiya. Frampton adabwerera naye pamaso pa anthu.

Zoonadi, ndalama zalowerera kwambiri m'nkhani imeneyi. Mu 2019 Stratocaster wakuda wa David Gilmour adagulidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wa madola pafupifupi mamiliyoni anayi, ngakhale kuti mwini wake adali atamusinthasintha ziwalo kambirimbiri. Apa tikuphunzirapo kuti chimene anthu amalipira si thabwa ndi waya chabe, koma mbiri. Choncho mmisiri wanzeru amachotsa chokhacho chimene chikulepheretsa gitala kulira, nasiya china chilichonse chimene chingauze mibadwo yam'tsogolo kumene chidacho chadzera.