Bwalo la pa Lamya: Mbiri ya Makompyuta Oyamba a M'nyumba

M'mwezi wa Januwale 1978, mzinda wa Chicago ku America unakutidwa ndi chipale chofewa kotero kuti misewu inatsekeka, anthu nabindikira m'nyumba zawo. Mwa obindikirawo munali Ward Christensen ndi Randy Suess, mamembala a kalabu ya anthu okonda makompyuta. Kumene kalabuyo inkasonkhana kunali bolodi lomatapo timapepala ta mauthenga. Awiriwa anaganiza zoika bolodi lotere m'kompyuta kuti munthu azilembapo ndi kuwerenga ali kwawo. Poti mutu umodzi susenza denga, Christensen analemba pulogalamu, Suess nalumikiza zipangizo. Pa 16 Febuluwale 1978 makinawo, amene anawatcha CBBS, anayamba kugwira ntchito.

Makinawa ankadalira lamya. Kompyuta ya munthu inkaimbira inzake kudzera m'kabokosi kotchedwa modemu, kamene kankasandutsa malemba kukhala phokoso loyenda pa waya. Popeza lamya inali imodzi, anthu ankalowa mmodzimmodzi. Wochedwa ankadikira kuti mnzake atuluke, monga zikhalira pachitsime. Modemu za nthawiyo zinkatumiza zilembo pafupifupi 30 pa sekondi, choncho mawu ankatuluka pang'onopang'ono, munthu nkumawerenga uku akubwera.

Chaka cha 1982 chinabweretsa makompyuta otsika mtengo amene mabanja wamba akanatha kugula. Ku Britain, kampani ya Clive Sinclair inatulutsa ZX Spectrum, pomwe ku America kunatuluka Commodore 64. Makinawa ankalumikizidwa ku wailesi yakanema ya pabalaza, ndipo ambiri ankasunga mapulogalamu awo pa matepi a kaseti. Kuti sewero limodzi litseguke pankapita mphindi zingapo. Magazini ankasindikiza mapulogalamu athunthu, ndipo ana asukulu ankachezera kuwakopera chilembo ndi chilembo. Kuphonya chilembo chimodzi kunali kokwanira kuti pulogalamu ikane kuyenda. Pofufuza cholakwikacho, ambiri anaphunzira luso limene linadzawapatsa ntchito atakula.

Mabolodi onga CBBS, otchedwa BBS, anafalikira m'mizinda yambiri. Aliyense anali ndi mwini wake wotchedwa sysop, amene ankapereka kompyuta ndi lamya yake, kawirikawiri mosalipiritsa. Iyeyu anali ngati nyakwawa: ankalandira alendo, kuweruza mikangano ndi kupitikitsa amwano. Chifukwa kuimba lamya kutali kunali kodula, olowa pa bolodi ambiri anali a dera limodzi. Ena mwa iwo ankapangana masiku okumana maso ndi maso. Motero munthu ankasamala lilime, podziwa kuti amene wamunyoza usiku angathe kukumana naye m'mawa.

Mu 1984, Tom Jennings wa ku San Francisco anayambitsa FidoNet, njira yolumikizira mabolodiwa. Makompyuta ankaimbirana usiku, pamene mtengo wa lamya unali wotsika, napatsirana makalata mpaka kalata iliyonse itafika kwa mwini wake. Yankho lochokera kutsidya kwa nyanja linkatha kutenga masiku angapo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, makompyuta oposa 30,000 anali atalumikizidwa motere. Njirayi inathandizanso maiko a mu Africa amene lamya zake zinali zosadalirika. Kumayambiriro kwa zaka zomwezo, University of Zambia ku Lusaka ndi Chancellor College ku Zomba anayamba kutumiza ndi kulandira makalata a pakompyuta kudzera mu FidoNet, intaneti yeniyeni isanafike.

Komatu chilichonse chili ndi nyengo yake. Mu 1993 bungwe la CERN linalola kuti World Wide Web igwiritsidwe ntchito ndi aliyense kwaulere. Anthu atalawa intaneti, imene inkawafikitsa kulikonse nthawi imodzi, anaona kuti kudikira lamya imodzi nkutaya nthawi. Mabolodi ambiri anazimitsidwa, ndipo mauthenga a zaka zambiri anatayika pamodzi ndi madisiki ake. Kampani ya Commodore inagwa mu 1994. Suess anamwalira mu 2019, Christensen namutsatira mu 2024.

Nanga nchifukwa chiyani anthu a m'badwo umenewo amakumbukabe makinawa ndi chifundo cha kumtima? Sikuti anali abwino kuposa a lero, pakuti lamya ya m'manja yotsika mtengo imawaposa kutalitali. Ndiponso bwalo lawo silinali la onse: osauka sankafikako, ndipo akazi anali ochepa. Chimene amachilira ndi umwini. Kompyuta inali yaing'ono moti mwana wakhama akanatha kuimvetsa yonse, ndipo bwalo linali m'manja mwa munthu wodziwika dzina, wokhala m'dera lomwelo. Mabwalo aakulu a lero, monga Facebook, ali m'manja mwa makampani amene amapeza phindu potsatsa malonda.

Kale silibwerera, komabe limalangiza. Achinyamata amene akuchezera pa intaneti lero ayenera kudzifunsa kuti bwalo limene akhalapo ndi la yani, malamulo ake akuika ndani, ndipo mawu awo adzasungidwa ndi yani tsiku limene mwini bwalo adzazimitse makina ake.