Phunziro la mu ofesi ya malipiro ku migodi ya Copperbelt

Munthu amene watha mwezi wathunthu pansi pa nthaka ku mgodi wa Nkana sangamve zoti makina alakwitsa. Amafuna ndalama yake yokwanira, ovataimu ili momwemo. N'chifukwa chake mbiri ya maofesi a malipiro ku Kitwe ndi ku Ndola ndi muyeso wabwino wa ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Ubwino wa pulogalamu suoneka tsiku limene yayamba kugwira ntchito. Umaoneka zinthu zikasintha, woilemba atachoka kale.

Ndipo kuderali zinthu zasintha kosalekeza. Mu Januwale 1968 Zambia idasiya paundi ya masheleni 20 n'kutenga kwacha ya ngwee 100, kwacha imodzi kulowa m'malo mwa masheleni 10, moti aliyense wowerengera malipiro, kaya m'buku kaya pa makina, adayambanso masamu ake. Mu 1970 boma lidatenga magawo 51 pa 100 alionse m'migodi ya Anglo American ndi Roan Selection Trust, ndipo padabadwa makampani a NCCM ndi RCM. Mu 1982 makampani awiriwa adaphatikizidwa kukhala ZCCM, kutanthauza kuti mabuku a antchito osungidwa mosiyana adayenera kugwirizana. Pofika 2000 migodi idagulitsidwa, Nkana ndi Mufulira n'kupita m'manja mwa kampani ya Mopani, mabukuwo n'kugawidwanso. Kenaka pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia idachotsa maziro atatu pa kwacha. Kwa miyezi isanu ndi umodzi mitengo m'masitolo inkalembedwa pawiri, yatsopano ili ndi chizindikiro cha KR, ndipo ngwee, imene anthu adali ataiiwala, idabwerera m'matumba. Pulogalamu yolembedwa ngati kuti ngwee idafa, kapena yokhala ndi manambala a msonkho okwiriridwa m'mizere yambirimbiri, idayenera kufukulidwa mzere ndi mzere. Imene idasunga manambala otere pamalo amodzi, olembedwa bwino tanthauzo lake, inkakonzeka msanga.

Ena anganene kuti tikuweruza akale mopanda chilungamo. Khadi lobowola lolowetsera zinthu m'makompyuta akale linkalandira zilembo 80 zokha, malo osungira zinthu m'makina anali odula zedi, choncho wolemba mapulogalamu m'chinenero cha kompyuta cha COBOL amene ankalemba chaka ndi manambala awiri, 75 m'malo mwa 1975, sanali waulesi. Zimenezo n'zoona, ndipo ndikuvomereza kuti kusunga malo kunali nzeru. Cholakwa chinali kusasiya mawu ofotokoza kuti pano tafupikitsa chaka, tsiku lina padzafunika kukonza. Pamene 2000 inkayandikira, ntchito yaikulu padziko lonse inali kufufuza malo obisika amenewo, osati kuwakonza kokha. Onena kuti chakacho chidadutsa popanda ngozi amaiwala anthu amene adachezera usiku kuwerenga mizere yolembedwa ndi ena.

Palinso onena kuti kulemba mafotokozedwe ndi kuyesa pulogalamu mobwerezabwereza kumachedwetsa ntchito, kasitomala akudikira. Kumachedwetsadi. Koma wachinyamata wochokera ku Copperbelt University amene lero akulemba pulogalamu yolandirira ndalama za pa foni akumanga pa nthaka yomweyo. Misonkho imasintha pafupifupi bajeti iliyonse, kampani imagulidwa, iye mwini adzapeza ntchito ku Lusaka kapena ku Solwezi, ndipo wodzatsegula mizere yakeyo kumapeto kwa mwezi adzakhala munthu amene sanaonanepo naye.