Kutumiza mauthenga m'maselo

Kutumiza mauthenga m'maselo, kumene mabuku a Chingerezi amakutchula kuti signal transduction, ndi njira imene selo limamvera uthenga wochokera kunja kwake n'kuusandutsa zochitika za mkati mwake. Uthengawo ukhoza kukhala homoni yoyenda m'magazi, mankhwala otuluka kumapeto kwa mtsempha wa ubongo, fungo, ngakhalenso kuwala kolowa m'diso. Selo likamva limachita zosiyanasiyana malinga ndi mtundu wake: lina limatulutsa shuga, lina limakungika, lina limagawikana, ndipo lina limadzipha. Mutuwu umaphunzitsidwa m'zaka zoyambirira za maphunziro a udokotala, a zamankhwala ndi a biochemistry, chifukwa mankhwala ambiri a m'chipatala amagwira ntchito polowerera pa njira zimenezi. Matenda monga kolera, shuga ndi khansa amamvekanso bwino munthu akadziwa pamene uthenga wasokonekera.

Vuto limene selo limakumana nalo

Selo lililonse ndi lokutidwa ndi kakhungu kopyapyala kopangidwa ndi mafuta. Zinthu zosungunuka m'madzi sizidutsa kakhunguka mosavuta, choncho mahomoni monga adrenaline, glucagon ndi insulin amathera panja. Chimene chimalowa mkati ndi uthenga wokha. Pa kakhunguka pamakhala mapuloteni olandirira uthenga, otchedwa ma receptor. Homoni ikamatirira kunja kwa cholandirira chake, cholandiriracho chimasintha kaumbidwe, ndipo mbali yake ya mkati imayambitsa mndandanda wa zochitika.

Cholandirira chilichonse chili ndi uthenga umene chimauzindikira, ndipo selo lopanda cholandirira cha homoni inayake silimva kanthu ngakhale homoniyo itachuluka bwanji m'magazi. Tanthauzo la uthenga limadaliranso selo lolandira. Adrenaline yemweyo amafulumizitsa mtima, amamasula timinofu ta m'njira za mpweya m'mapapo, ndipo amachititsa chiwindi kutulutsa shuga. Acetylcholine amachedwetsa mtima koma amakunga minofu ya m'manja ndi m'miyendo, chifukwa zolandirira zake m'malo awiriwa ndi zosiyana.

Mahomoni a gulu la steroid, monga cortisol, oestrogen ndi testosterone, amatsata njira ina. Popeza amasungunuka m'mafuta, amadutsa kakhungu ka selo n'kukapeza zolandirira zawo mkati, ndipo pamodzi nazo amakayatsa kapena kuzimitsa majini mu nyukiliyasi. Zotsatira zake zimatenga maola kuti zioneke. Palinso zolandirira zimene ndi timakomo tolowera mchere monga sodium, ndipo izi ndi zimene zimafulumira kuposa zonse: ndizo zimalumikiza mtsempha ndi mnofu.

Mbiri

Maziko a phunziroli anachokera pa funso limodzi: kodi adrenaline ndi glucagon amachititsa bwanji chiwindi kuphwanya glycogen, amene ndi shuga wosungidwa? Earl Sutherland ndi Theodore Rall, ali ku Western Reserve University mumzinda wa Cleveland ku America, anaphwanya maselo a chiwindi n'kulekanitsa zidutswa za kakhungu ndi madzi a mkati. Homoni ikathiridwa m'madzi a mkatiwo payokha, palibe chimene chinkachitika. Ikathiridwa pa zidutswa za kakhungu, pankatuluka kanthu kena kosawonongeka ndi kutentha, ndipo kanthuko ndi kamene kankadzutsa enzaimu yophwanya glycogen. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kanthuko kanadziwika kuti ndi cyclic AMP, mwachidule cAMP. Apa ndi pamene panachokera mawu akuti mthenga wachiwiri: homoni ndi mthenga woyamba amene amafika pakhomo, ndipo wachiwiri amalowa nawo uthengawo m'nyumba. Sutherland analandira mphoto ya Nobel mu 1971.

M'zaka zomwezo Edmond Fischer ndi Edwin Krebs ku University of Washington mumzinda wa Seattle anaonetsa kuti enzaimu ya phosphorylase imayatsidwa poimatika phosphate, ndipo imazimitsidwa pomuchotsapo. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1992. Alfred Gilman ndi Martin Rodbell anailandira mu 1994 chifukwa chotulukira mapuloteni a G, ndipo Robert Lefkowitz ndi Brian Kobilka anailandira mu 2012 chifukwa cha kafukufuku wawo wa zolandirira zimene zimagwira ntchito ndi mapuloteniwa.

Mapuloteni a G ndi cAMP

Banja lalikulu kwambiri la zolandirira ndi la ma GPCR, kutanthauza zolandirira zolumikizana ndi puloteni ya G. Munthu ali ndi majini pafupifupi 800 a zolandirira zamtunduwu, ndipo pafupifupi theka lake ndi za fungo. Chilichonse chimapinda n'kudutsa kakhungu ka selo kasanu ndi kawiri. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala ovomerezeka amagwira ntchito pa banja limeneli.

Puloteni ya G ili ndi zigawo zitatu: alpha, beta ndi gamma. Ikakhala chete, chigawo cha alpha chimakhala chitagwira GDP. Homoni ikafika pa cholandirira, alpha amataya GDP n'kutenga GTP, kenako amapatukana ndi zigawo zinazo n'kupita kukakhudza enzaimu ina. Alpha yemweyo ali ndi mphamvu yophwanya GTP kuti ibwerere kukhala GDP, choncho pakapita kanthawi amadzizimitsa yekha. Mfundo yodzizimitsayi imaoneka yaing'ono, koma matenda angapo amayambira pomwepo.

Pali mitundu itatu imene wophunzira amakumana nayo kawirikawiri. Gs imadzutsa enzaimu ya adenylyl cyclase, imene imapanga cAMP kuchokera ku ATP. Gi imaifooketsa enzaimu yomweyo. Gq imatsata njira ina imene yafotokozedwa m'munsimu.

Chitsanzo chodziwika ndi cha munthu amene wadzidzimuka, mwina waona njoka panjira. Tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timathira adrenaline m'magazi. Iye amamatirira pa cholandirira cha beta, Gs imadzuka, cAMP imachuluka, ndipo cAMP imamasula enzaimu ya protein kinase A. Kinase ndi enzaimu imene ntchito yake ndi kumatika phosphate pa mapuloteni ena. Protein kinase A imayatsa phosphorylase kinase, iyonso imayatsa glycogen phosphorylase, ndipo glycogen amayamba kuphwanyidwa. Nthawi yomweyo enzaimu yomanga glycogen imazimitsidwa, kuti selo lisamange ndi kugumula pakamodzi. Mndandandawu ndi wautali pa chifukwa: enzaimu imodzi imayatsa anzake ambiri pa sitepe yotsatira, choncho mamolekyu ochepa a homoni amatulutsa shuga wochuluka zedi m'masekondi owerengeka.

Zoopsa zikadutsa, enzaimu ya phosphodiesterase imaphwanya cAMP, ndipo ma phosphatase amachotsa phosphate yense amene anamatikidwa. Cholandirira chikadzutsidwa nthawi yaitali chimamatikidwa phosphate, puloteni ya arrestin imachiphimba, ndipo nthawi zina chimakokeredwa mkati mwa selo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwala ena amachepera mphamvu akagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza.

M'chipatala njirayi imaonekera tsiku ndi tsiku. Salbutamol, amene odwala mphumu amapumira, amadzutsa zolandirira za beta-2 n'kutsegula njira za mpweya. Propranolol ndi atenolol amatseka zolandirira za beta kuti mtima uchepetse liwiro. N'chifukwa chake propranolol, amene amatseka beta-1 ndi beta-2 yemwe, ndi woopsa kwa wodwala mphumu. Kachilombo ka HIV nakonso kamadalira banjali: kuti kalowe m'selo, kamagwira CD4 pamodzi ndi CCR5 kapena CXCR4, ndipo ziwiri zomalizazi ndi ma GPCR.

Kolera

Palibe matenda amene amaonetsa bwino kufunika kwa kuzimitsa uthenga kuposa kolera. Mabakiteriya a Vibrio cholerae salowerera m'thupi. Amakhala m'matumbo aang'ono n'kumatulutsa poizoni amene amalowa m'maselo a m'matumbomo. Poizoniyu amamatika ADP-ribose pa chigawo cha alpha cha Gs, ndipo alpha amalephera kuphwanya GTP. Amakhalabe woyaka. Adenylyl cyclase imapitiriza kupanga cAMP, protein kinase A imatsegula khomo la CFTR, ndipo chloride amatuluka kulowa m'matumbo. Sodium ndi madzi zimatsatira. Wodwala kwambiri akhoza kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kumwalira tsiku lomwelo. Mliri umene unayamba ku Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo ndi woopsa kwambiri m'mbiri ya dzikoli.

Chimene chimapulumutsa ambiri ndi chakuti poizoniyu sakhudza khomo lina la m'matumbo, lotchedwa SGLT1, limene limalowetsa sodium pamodzi ndi shuga. Wodwala akamwa madzi okhala ndi mchere ndi shuga pa mlingo woyenera, monga Thanzi ORS, sodium amalowa pa khomo limeneli ndipo madzi amamutsatira kubwerera m'thupi, ngakhale kuti Gs ikadali yoyaka.

Poizoni wa chifuwa chokoka mtima amachita zofananako koma pa Gi. Amaitseka kuti isagwire ntchito, ndiye cAMP imachulukabe, chifukwa chimene chinkaichepetsa chachotsedwa. Ophunzira amasokoneza kawirikawiri poizoni awiriwa popeza zotsatira zake pa cAMP n'zimodzi.

Kashiamu ndi IP3

Gq imadzutsa enzaimu ya phospholipase C, imene imadula mafuta a pa kakhungu otchedwa PIP2 n'kutulutsa amithenga achiwiri awiri. Woyamba, IP3, amayenda mkati mwa selo n'kukatsegula nkhokwe za kashiamu za mu endoplasmic reticulum. Wachiwiri, DAG, amatsala pa kakhungu n'kudzutsa protein kinase C, imene anaitulukira Yasutomi Nishizuka wa ku Japan mu 1977. Selo limasunga kashiamu wa mkati mwake kukhala wochepa kuwirikiza pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi wa kunja, choncho akangokwera pang'ono uthenga umamveka. Umu ndi mmene oxytocin amakungira chiberekero pobereka, ndiponso mmene noradrenaline amafinyira mitsempha ya magazi kudzera pa zolandirira za alpha-1.

Ntchito ya IP3 inatsimikizidwa mu 1983 ndi Michael Berridge ndi anzake. Berridge anabadwira ku Gatooma, kumene lero ndi Kadoma ku Zimbabwe, ndipo digiri yake yoyamba anaitenga ku University College of Rhodesia and Nyasaland asanapite ku Cambridge. Kafukufuku amene anamufikitsa pa IP3 anayambira pa tiziwalo totulutsa malovu ta ntchentche.

Zolandirira za tyrosine kinase

Zolandirira zina ndi ma enzaimu pazokha. Uthenga ukafika, zimayandikana ziwiriziwiri n'kumatikana phosphate pa amino acid yotchedwa tyrosine, ndipo malo omatikidwawo amakhala pokocheza mapuloteni ena a mkati. Cholandirira cha insulin ndi cha banja limeneli, ngakhale kuti chimakhala cholumikizana kale insulin asanafike. Chikadzuka, uthenga umadutsa pa IRS, PI3-kinase ndi Akt, ndipo pamapeto pake timatumba tokhala ndi GLUT4 timapita pa kakhungu ka maselo a minofu ndi a mafuta kuti shuga alowe. Pa matenda a shuga a mtundu woyamba insulin amasowa. Pa mtundu wachiwiri amakhalapo, makamaka kumayambiriro, koma maselo samumvera bwino.

Mauthenga olamula selo kukula ndi kugawikana amadutsa pa puloteni ya Ras kenako pa ma kinase atatu otsatizana: Raf, MEK ndi ERK. Ras nayo imayaka ikagwira GTP n'kudzizimitsa poiphwanya. Jini yake ikawonongeka moti singathenso kudzizimitsa, selo limagawikana popanda wolilamula. Kuwonongeka kwa KRAS kumapezeka mwa odwala khansa ya pancreas pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Pa khansa ya m'magazi ya chronic myeloid leukaemia, ma chromosome 9 ndi 22 amasinthana zidutswa n'kupanga kinase ya BCR-ABL, imene siizima. Mankhwala a imatinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2001, amakhala pamalo pamene ATP imayenera kulowa mu kinase imeneyi, ndipo anasandutsa matenda amene ankapha m'zaka zochepa kukhala oti munthu n'kukhala nawo nthawi yaitali akumwa mapiritsi.

Nitric oxide

Mthenga wina ndi mpweya. Maselo a mkati mwa mitsempha ya magazi amapanga nitric oxide, amene amadutsa kupita ku timinofu tozungulira mtsemphawo n'kudzutsa guanylyl cyclase. Enzaimuyi imapanga cGMP ndipo mtsempha umatakasuka. Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel mu 1998 chifukwa cha zimenezi. Nitroglycerin amachepetsa ululu wa mtima potulutsa nitric oxide, pamene sildenafil amatseka phosphodiesterase 5, imene imaphwanya cGMP. Kumwa awiriwa pamodzi kukhoza kugwetsa kuthamanga kwa magazi moopsa.

Kaphunziridwe kake

Chimene chimalemetsa mutuwu ndi kuchuluka kwa mayina achidule. Munthu ali ndi ma kinase oposa 500, ndipo zithunzi za m'mabuku zimadzaza ndi mivi yopingasana. Kuloweza chithunzi chonse sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mafunso a zachipatala amakonda kufunsa chimene chingachitike sitepe imodzi ikatsekedwa kapena ikakana kuzima. Njira yodalirika ndi kufunsa mafunso omwewo pa mndandanda uliwonse: uthenga ndi chiyani, cholandirira chili pati, mthenga wachiwiri ndi uti, kinase yake ndi iti, selo likuchita chiyani, ndipo chimene chimazimitsa zonsezi n'chiyani. Funso lomalizali ndi limene limaiwalika kwambiri.

Zithunzi za m'mabuku zimaonetsanso njira iliyonse payokha, pamene m'selo lamoyo njirazi zimalowererana. M'chiwindi, glucagon amakweza cAMP pamene insulin, kudzera pa Akt, amadzutsa phosphodiesterase imene imaitsitsa, ndipo shuga amene amatuluka kupita m'magazi amadalira mbali imene yakula mphamvu pa nthawiyo.