Girma Yifrashewa

Girma Yifrashewa (anabadwa mu 1967 ku Addis Ababa) ndi katswiri woimba piyano komanso wopeka nyimbo wa ku Ethiopia. Anaphunzira nyimbo za classical ku Bulgaria ndipo waimbapo m'maholo a ku Africa, ku Ulaya ndi ku America. Amadziwika chifukwa chotenga kaimbidwe ka makolo a ku Ethiopia n'kukaika pa piyano, chida chimene kwawo chinkaonedwa ngati cha azungu. Potsata mwambo wa ku Ethiopia, dzina lake ndi Girma, pamene Yifrashewa ndi dzina la bambo ake.

Ubwana ndi maphunziro

Ali mwana, Girma ankaimba krar, chida cha makolo chokhala ndi nsambo zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Piyano anayamba kuiphunzira ali ndi zaka 16 pa sukulu ya nyimbo ya Yared ku Addis Ababa. Kumeneku kunali kuyamba mochedwa, chifukwa akatswiri ambiri a piyano amayamba asanakwanitse zaka 10. Sukuluyi inatenga dzina la Yared Woyera, yemwe anapeka nyimbo za mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia m'zaka za m'ma 500.

Pa nthawiyo Ethiopia inali pansi pa boma la asilikali la Derg, lomwe linali pa ubwenzi ndi mayiko achikomyunizimu a kum'mawa kwa Ulaya. Ubwenzi umenewu ndi umene unatsegula njira yoti Girma akaphunzire pa sukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Sofia, likulu la Bulgaria. Koma mu 1989 ulamuliro wa chikomyunizimu unagwa m'dzikolo, ndipo thandizo la maphunziro ake linatha. Girma anachoka asanamalize n'kupita ku Italy. Kumeneko anakumana ndi gulu la Akatolika la Christian Brothers, lomwe linamulipirira kuti abwerere ku Sofia mu 1991. Anamaliza digiri yachiwiri pansi pa mphunzitsi Atanas Kurtev, ndipo anazama pa nyimbo za Schubert, Schumann, Chopin ndi Debussy.

Kubwerera kwawo

Mu 1995 Girma anabwerera ku Ethiopia n'kuyamba kuphunzitsa piyano pa sukulu ya Yared, ntchito imene anaigwira mpaka 2001. Vuto lalikulu linali chida chenichenicho. Woimba gitala amanyamula gitala yake, koma piyano yaikulu ya m'holo ndi yolemera, ndi yokwera mtengo, ndipo imafuna mmisiri woichuna pafupipafupi. Ku Addis Ababa mapiyano oterewa anali ochepa. A Christian Brothers anamuthandizanso pomupatsa piyano yakeyake yoyesererapo kunyumba.

Anapitanso kukachita maphunziro afupiafupi ku Royal Academy of Music ku London mu 1997 ndi ku sukulu ya nyimbo ya ku Leipzig, ku Germany, mu 1999. Komabe sanasamuke. Kwawo kunakhalabe ku Addis Ababa, ndipo kunja ankangopita kukaimba.

Kaimbidwe kake

Nyimbo zambiri za ku Ulaya zimamangidwa pa manotsi asanu ndi awiri. Nyimbo za kumapiri a ku Ethiopia zimamangidwa pa manotsi asanu, oyalidwa m'njira zinayi zikuluzikulu zotchedwa tizita, bati, ambassel ndi anchihoye. Girma amatenga mayalidwe amenewa n'kuwalumikiza ndi luso la manja awiri limene anaphunzira ku Sofia. Nthawi zina amachititsa piyano kumveka ngati krar kapena ngati chitoliro.

Nyimbo yake yodziwika kwambiri, The Shepherd with the Flute, inachokera pa nyimbo ya Ashenafi Kebede (1938–1998), mkulu woyamba wa sukulu ya Yared, ndipo imakamba za mbusa woliza chitoliro kubusa. Ina ndi Elilta, mawu otanthauza nthungululu, zonga zimene amayi amaliza pa ukwati. M'nyimboyi zala zimathamanga pa makiyi a mawu okwera potsanzira nthungululuzo. Pa makonsati ambiri amayamba ndi nyimbo za olemba a ku Ulaya, kenako n'kuimba zake, kuti omvera amve zonse pa chida chimodzi.

Girma si woyamba ku Ethiopia kuyenda njira imeneyi. Patsogolo pake panali Emahoy Tsegué-Maryam Guèbrou (1923–2023), sisitere wa mpingo wa Orthodox yemwe anapeka nyimbo zambiri za piyano ndipo anakhala zaka zake zomaliza ku Yerusalemu.

Zimbale ndi maulendo akunja

Chimbale chake choyamba, The Shepherd with the Flute, chinatuluka mu 2001. Kenako kunabwera Meleya Keleme mu 2003, chomwe anajambula ndi woimba Michael Belayneh, ndi Elilta mu 2006. Zimbalezi zinamveka kwambiri kwawo kuposa kunja.

Zinthu zinasintha mu 2013 pamene anakaimba ku Issue Project Room ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Chaka chotsatira kampani ya ku America ya Unseen Worlds inatulutsa chimbale chake Love & Peace, ndipo manyuzipepala a kumeneko anayamba kulemba za iye. Mu 2024 kampani yomweyo inatulutsa My Strong Will, chimbale chimene anajambula pamodzi ndi oimba a ku Bulgaria, dziko limene anachokako maphunziro ali pakati zaka 35 m'mbuyomo. Mu June chaka chomwecho anaimba ku Carnegie Hall ku New York, imodzi mwa maholo otchuka kwambiri pa nyimbo za classical, ndipo konsatiyo anaipereka pofunira dziko la Ethiopia mtendere.