Mapazi a Kayira ndi Chidindo cha Kazembe

Ambiri tikamakamba za Legson Kayira timangokamba za mapazi ake. Ndi zoona, mnyamatayu ananyamuka kwawo kumpoto kwa Nyasaland mu 1958, wapansi, cholinga chake chili sukulu ya ku America. Koma ine ndimati chimene chinatsala pang'ono kumugonjetsa sichinali tchire kapena njala ayi. Chinali pepala.

Atafika ku Kampala analowa m'laibulale ya a America, napeza buku la mayina a makoleji. Analembera Skagit Valley College ya mumzinda wa Mount Vernon, m'boma la Washington, ndipo anamuyankha kuti malo alipo, fizi asaderenso nkhawa. Inu mukanati basi zatheka, eti? Ayi ndithu. Panatsala pasipoti, viza, ndi umboni wakuti ndalama za ulendo ali nazo. Anapitirira mpaka ku Khartoum, kumene ofesi ya kazembe wa America inaona nkhani yake. Ophunzira a ku Skagit ndi anthu a m'tauniyo anachita kusonkherana ndalama, ndipo Kayira anafika ku America mu Disembala 1960, patatha zaka ziwiri chichokereni pakhomo pa mayi ake.

Lamulo limene linamuimitsa pakhomopo linali la mu 1952, lotchedwa Immigration and Nationality Act. M'menemo ndi mmene muli viza ya F ya ophunzira, komanso ndime 214(b) imene yaliza ana a anthu ambiri. Ndimeyi imati aliyense wopempha viza yotere aziganiziridwa kuti akufuna kukakhazikika konko, mpaka iye mwini atatsimikizira bwana wa pawindo kuti adzabwerera kwawo. Mafunso ake ndi awiri basi: ndalama uli nazo? Nanga udzabwerako? Mwana wa mlimi, wopanda nyumba ya malata ngakhale buku la ku banki, angasonyeze chiyani chomukokera kumudzi, kupatula manda a agogo ake?

Choseketsa n'chakuti funso lachiwirilo palibe amene angaliyankhe moona. Kamuzu Banda analowa mu America mu 1925 mothandizidwa ndi mpingo wa AME, natsiriza za udokotala ku Meharry mu 1937, koma kuno anadzabwera mu 1958, chaka chomwecho Kayira amanyamuka. Kayira naye atachoka ku University of Washington anapita ku Cambridge, nalemba mabuku amene boma la Kamuzu silikanasekerera, ndipo anamwalirira ku London mu 2012. Chinamutsekereza kunja sichinali kukoma kwa Mangalande kokha.

Kuyambira 2003, pambuyo pa zauchifwamba za pa 11 Seputembala 2001, wophunzira aliyense wakunja amalembedwa m'kaundula wa pa kompyuta wotchedwa SEVIS, ndipo sukulu imanena akangosiya kalasi. Mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba kuuzidwa kuti nzika zawo zopita kukacheza kapena kukachita bizinesi ziziyamba zapereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000. Chikolecho sichinali cha ophunzira, koma chinagwera mayi wofuna kukaona mwana wake akuvala chipewa cha digiri.